Batire linali bwinobwino, wolakwa anali waya

Lero ndi tsiku lachinayi inveta ya pashopu panga, kabokosi kosintha magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba, osalira, ndiye ndati ndilembe mtima utakhala pansi, kuti mnzanga wina asadzasenze batire kupita nalo kutauni ngati ine.

Ndili ndi kashopu kometera ku Mitundu, ndimatchajanso mafoni. Sola ndinaika chaka chatha, batire la mavoti 12 ndi inveta ya mawati 600. Zonse zinkayenda bwino mpaka nditawonjezera kafuriji ndi TV yaikulu yoonetsera mpira. Ndikangoyatsa zonse pamodzi, inveta ija tiii tiii, kenako zii. Kasitomala ali pampando, mutu wometedwa mbali imodzi.

Ndinaimbira kusitolo komwe ndinagula zipangizozi. Akuti bwerani nalo batirelo tidzaliyeze. Amene munanyamulapo batire la 100Ah mukudziwa kuti ndi mwala weniweni, makilogalamu pafupifupi 30. Kondakitala anandilipiritsa mpando wachiwiri ngati ndakwera ndi munthu. Ndinafika ku Lilongwe 9 koloko m'mawa, tsiku Loweruka, tsiku lomwe ometa timapeza ya ndiwo ya sabata yonse. Pakauntala akuti lipirani kaye K5,000 yoyezera. Ndinalipira. Ndalama italowa m'dirowa m'pamene akundiuza kuti woyezayo watuluka pang'ono. Pang'ono pakepo mpaka 3 koloko masana! Ndinakhala pa batire langa lomwelo ngati mpando, kuopa kulisiya ndi kupita kokadya. Atabwera mkuluyo, anangogunditsa mita pamitu ya batire, osakwana ndi mphindi imodzi yomwe, n'kuti, "Achimwene, 12.7, batire ili ndi lamoyo. Gulani inveta yaikulu, tili nazo." Lisiti la K5,000 ija mpaka lero sindinalione.

Chimene chimandipweteka n'chakuti batire loyezedwa lili lokha, lopanda katundu, silikuuzani zambiri. Yezani zinthu zikuyaka, ndipo yezani malo awiri: pamitu ya batire ndi pomwe mawaya alowera mu inveta.

Anandithandiza ndi madala ena okonza magetsi a galimoto. Anabwera ndi mita yokhala ngati pulayala, ija mumangopanitsa pa waya n'kuonetsa maampu. Apa chenjerani, zambiri zotsika mtengo zimayeza AC yokha, mtundu wa magetsi a m'nyumba, pomwe magetsi a batire ndi a mtundu wina wotchedwa DC. Komanso musayese kudutsitsa magetsi amenewa mu mita wamba yoyezera magetsi (multimeter), zambiri zimalekezera pa maampu 10, mungowotcha fyuzi.

Tinayatsa zonse. Pa batire mavoti 12.4, pa inveta 10.4, maampu 42, inveta n'kulira pomwepo, poti zambiri za mavoti 12 zimazima zikafika cha pa 10.5. Mavoti 2 anasowera panjira. Madala aja anatola kachikatoni pansi n'kulemba masamu omwe ndinawathawa ku sekondale, lamulo la Ohm lija, la Georg Ohm wa ku Germany amene analisindikiza mu 1827. Kuti mupeze resistance, kutanthauza kukaniza kwa waya, gawani mavoti ndi maampu: R = V ÷ I. Ndiye 2 ÷ 42 ikupereka 0.048 ohm. Ine ndinaseka, kanambala kakang'ono chonchi kangazimitse shopu? Iwo anati dikira. Mawati ndi mavoti kuchulukitsa ndi maampu, P = V × I. Mavoti 2 osowa aja kuchulukitsa ndi 42 ndi mawati 84, onsewo akungotenthetsa waya. Ndinagwira wayayo, anali wotentha ngati wachoka pamoto, pulasitiki yake itafewa. Inveta inkalandira 10.4 × 42, mawati pafupifupi 437, sinafike n'komwe pa 600. Ndiye inveta yaikulu amandigulitsa ija inali ya chiyani?

Ndaiwala kunena, waya ameneyu anandidulira ndi a sitolo yomweyo pa tsiku logula, wa 1.5 mm², uja timayalira mababu m'nyumba. Ndinaika batire mamita 2 kuchokera pa inveta, kupita ndi kubwera ndi mamita 4. Waya wa kopa wa saizi imeneyi amakhala ndi pafupifupi 0.012 ohm pa mita iliyonse. Chulukitsani ndi 4, mupeza 0.048 yomwe ija. Nditaona manambala akugwirizana chonchi ndinangoti kukamwa yasa.

Chimasokoneza anthufe n'chakuti timazolowera magetsi a m'nyumba a mavoti 230. Kumeneko mawati 500 amakoka maampu ongopitirira 2 pang'ono, waya woonda savutika. Mawati 500 omwewo pa mavoti 12 ndi maampu pafupifupi 42. Ndipo kutentha kwa waya kumakwera mwankhanza, chifukwa P = I × I × R: maampu akawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. N'chifukwa chake ndisanagule furiji panalibe vuto.

Ndinasendeza batire pafupi, mita imodzi yokha, n'kugula waya wa 16 mm², wonenepa ngati wa batire la galimoto, ndi fyuzi pafupi ndi mutu wa pulasi. Pano kusiyana kwa mavoti a pa batire ndi a pa inveta ndi pafupifupi 0.1, waya ali zii kuzizira ngakhale mpira uli mkati.

Ndibwerezenso, yezani malo awiri zinthu zikuyaka, musananyamule chilichonse. Madala aja ndinawapatsa ya fanta ndi kuwameta ulere miyezi itatu. Pobwerera kuchokera ku Lilongwe tsiku lija kondakitala wina analipiritsanso batire mpando wake, ndipo ndinafika kunyumba kutada, msana ukuwawa mpaka Lachiwiri.