Kalata imene sindikanatha kumulembera mwana wanga

Mwana wanga wamkazi atapeza malo ku yunivesite ina kuno kumwera kwa dziko la United States, ndinapumira m'mwamba kuti basi, zovuta zatha. Ndiye madzulo ena m'mwezi wa Juni, ndisanavule n'komwe yunifolomu ya kuntchito, anaika laputopu pathebulo n'kunena kuti, "Amayi, ndikufuna kulowa sorority, koma akufuna makalata."

Kwa amene simukuwadziwa, awa ndi magulu a ophunzira okhala ndi mayina a zilembo za Chigiriki. A anyamata amawatchula fraternity, a atsikana sorority. Ndi akalekale: Phi Beta Kappa inayamba mu 1776 ku College of William & Mary, ndipo gulu la atsikana limene lero ndi Alpha Delta Pi linayamba mu 1851 ku Macon, ku Georgia. Ukalowa, walowa mpaka imfa. N'chifukwa chake mayi amene anamaliza sukulu zaka 30 zapitazo akadali ndi mawu pa nkhani ya amene alandiridwe chaka chino. M'malo ambiri nyumba zikuluzikulu zimene atsikanawa amagonamo zimayendetsedwa ndi makomiti a mamembala akale omwewa, ndipo alangizi a gulu amachokeranso mwa iwo.

Kalata imene ankanenayo si ya mphunzitsi kapena ya abusa ayi. Inkayenera kulembedwa ndi mayi amene anali membala wa gulu lomwelo, kuchitira umboni kuti mtsikanayu ndikumudziwa. Gulu lililonse kalata yakeyake. Pa yunivesite yake panali magulu oposa khumi, ndipo ine, amene ndinabwera kuno ndili kale wamkulu, ndinalibe ngakhale dzina limodzi. Mtima unandiwawa usiku umenewo. Fizi ndinali nditaithamangira, mabuku ndagula, koma ichi sichigulidwa.

Mnzake wa kusekondale analibe vuto limeneli. Amayi ake ndi agogo ake anali a gulu limodzi, choncho iye anali legacy, kunena kuti mwana, mdzukulu kapena mng'ono wa membala. Kwa zaka zambiri, m'magulu ambiri, mtsikana wotere ankaitanidwanso pambuyo pa masiku oyamba a sabata yosankhana (sabata imene magulu amasankha mamembala atsopano), ndipo akafika pa chigawo chomaliza dzina lake linkaikidwa pamwamba pa mndandanda. Mu 2020 Delta Gamma inalengeza kuti yasiya kukondera ma legacy, ndipo magulu ena mwa 26 a mu National Panhellenic Conference, bungwe limene limagwirizanitsa magulu a atsikanawa, anachitanso chimodzimodzi. Ine ndimayamikira zimenezo. Komatu lamulo likafufutidwa papepala, zimene mayi amanong'oneza mwana wake kukhitchini sizifufutika. Mnzake uja ankadziwa kale zovala za tsiku lililonse la sabata yosankhana, nkhani zoyenera kupewa, ndi nthawi yotumizira makalata. Wanga ankaziphunzira pa TikTok usiku.

Chinandichititsa mantha kwambiri n'zimene ndinawerenga za ku University of Alabama. Mu Sepitembala 2013 nyuzipepala ya ophunzira, The Crimson White, inalemba kuti atsikana a m'magulu ena ankafuna kulandira mtsikana wakuda, koma amene anatsekereza anali mamembala akale. Zinachitika patatha zaka 50 kuchokera pamene bwanamkubwa George Wallace anaima pakhomo pa yunivesite yomweyo kukaniza ophunzira akuda. Mkulu wa yunivesite, Judy Bonner, atalamula kuti kusankha kutsegulidwenso, atsikana akuda angapo analandiridwa. Ana anali okonzeka, akuluakulu ndi amene anali asanakonzeke. Ndinamufunsa mwana wanga ngati sangakonde Alpha Kappa Alpha, gulu la akazi akuda limene linayamba mu 1908 ku Howard University, kumene analowera Kamala Harris, amene anakhalapo wachiwiri kwa pulezidenti wa dziko lino. Anati, "Ndaliganizira amayi, koma ndiloleni ndiyese kaye kuno."

Thandizo linachokera kumene sindinkayembekeza. Ndinadandaulira mnzanga wina wa kuntchito, mzungu wachikulire amene timagwirira limodzi usiku. Anasiya kapu yake ya khofi, n'kundiuza kuti iye ndi membala kuyambira ali mtsikana. Zaka zisanu ndi chimodzi tikugwira ntchito limodzi, sanatchulepo. Loweruka lotsatira anabwera kunyumba, anakhala ndi mwana wanga maola awiri pakhonde, kumufunsa za sukulu, za kwaya, za ana amene ankawathandiza masamu. Analemba kalata yake, kenako anaimbira foni anzake a magulu ena. Pakutha pa milungu itatu tinali ndi makalata asanu ndi atatu.

Tsiku lolandira mayankho, mu Ogasiti, ndinaima pa kapinga padzuwa pakati pa amayi ovala mitundu ya magulu awo, ena atanyamula zithunzi zawo zakale. Ine ndinali ndi botolo la madzi basi. Mwana wanga anatuluka akuthamanga envelopu ili m'manja, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Gulu limene linamutenga silinali la mnzanga uja, koma limodzi mwa amene anawaimbira foni.

Sabata yathayi mnzangayo anandipeza pa nthawi yopuma n'kundifunsa ngati ndikudziwa atsikana ena amene makolo awo ndi obwera ngati ine. Ndinamulembera mayina awiri kuseri kwa lisiti, iye n'kuipinda bwinobwino kuika m'thumba la yunifolomu.