Mmene Pulagi Inakakamirira pa Mlomo Wanga

Popeza chithunzi cha mlomo wanga wotupa chafika kale m'mafoni mwanu, ndipo ena mwayamba kufalitsa zoti ndinapsompsona injini ku Canada, ndi bwino kuti nkhaniyi muimve kuchokera kwa mwini mlomo.

Tsikulo kuno ku Yellowknife kunazizira kufika madigiri 40 kunsi kwa ziro, pamene Celsius ndi Fahrenheit amaleka kukangana chifukwa onse amawerenga mofanana. Bambo amene ndimachita lendi m'nyumba mwawo anandibwereka snowmobile yawo yakale, makina onga njinga yamoto oyenda pa chipale chofewa, kuti ndiwapeze pa nyanja ya Great Slave, kumene anthu amaboola ayezi n'kumawedza nsomba, ndipo iwo anatsogola atandiuza kuti makinawo savuta.

Ndinachita zonse mwadongosolo. Batire inali itafooka, monga amachitira mabatire onse kukazizira motere, moti sitata inangobuula kamodzi n'kukhala chete. Ndinanyamula kumbuyo kwa makinawo n'kuwagwetsa pansi kuti lamba wake amasuke ku ayezi, ndinatsegula choki, kenako ndinayamba kukoka chingwe cholizira injini, chimene chinkabwera monyinyirika chifukwa oyilo anali atalimba ngati nsima ya dzulo. Ndinakoka mpaka thukuta linaundana m'nsidze, koma injiniyo sinakhosomole n'komwe. Fungo la petulo litandipeza, ndinazindikira kuti yamwa mafuta ochuluka, mapulagi anyowa, ndipo ofunika kuwachotsa kuti aume. Makaniko aliyense woona mtima angavomereze kuti pamenepa ndinaganiza bwino.

Tsono pulagi yoyamba itatuluka, dzanja limodzi linali ndi sipanala, linalo linagwira chivundikiro cha injini, ndipo chinthu chimene chagwera m'chipale chofewa kuno chimaonekanso mu Meyi. Ndinachita zimene amachita amakaniko onse a ku Biwi ndi ku Ndirande manja akadzaza: ndinailuma.

Chitsulo chozizira chotero sichifunsa. Chinagwira mlomo wam'munsi ndi nsonga ya lilime nthawi yomweyo, ndipo ndinaimirira pabwalo paja, munthu wophunzira, wa ana atatu, pulagi ikulendewera pakamwa, dovu likuundana pachibwano, petulo akutsikira kukhosi pang'onopang'ono. Ndinayesa kuiuzira mpweya wofunda, koma nthunziyo inakwera n'kukaundana pa magalasi, ndipo ndinasanduka wakhungu. Ndinayesa kuitana anthu, koma amene anamva ndi khwangwala wamkulu wakuda, amene anatera padenga n'kuyankha mawu anga molondola kwambiri moti tinacheza kanthawi ndithu. Ndinafika polingalira za maliro anga: mmene bokosi lidzatsikire pa bwalo la ndege la Kamuzu, mmene achibale adzapemphere kuona nkhope, ndi mmene malume anga adzayesere kufotokozera mfumu kuti chitsulocho n'cha chiyani.

Amene anandipeza ndi mayi a m'nyumbamo, atatuluka kudzaona chifukwa chimene sanamve makinawo akulira. "Musakoke, bambo, mungasiye mlomo pomwepo," anatero mofatsa, ndipo anabwera ndi kapu ya madzi ofunda, ngakhale ndiyenera kunena kuti anayamba ajambula kaye. Pulagi itagwa, anaipukuta, anaumitsa inzake, anazibwezera zonse, kenako anayang'ana pa chiwongolero n'kukweza m'mwamba kabatani kofiira kozimitsira injini. Kabatani kameneka kakakhala kotsindika, mapulagi satulutsa moto ngakhale munthu atakoka chingwe mpaka Pasaka, ndipo petulo amangodzazana m'kati. Mayiwo anakoka chingwe ndi dzanja limodzi, injini inalira.

Amene mukuseka muganizire izi. Mapulagi aja analidi onyowa, kutanthauza kuti matenda ndinawapeza, ndipo chimene chinatsala ndi gwero lake lokha. Komanso munthu atavala magolovesi ochindikala chotero sangamve kuti wakhudza kabatani, ndipo sizikudziwika mpaka lero ngati ndinakatsindika ndine kapena bambo aja poimika makinawo dzulo lake, nkhani imene iwo amaisintha msanga ndikaiyamba.

Kunyanja sindinapiteko, chifukwa mu Disembala dzuwa kuno limalowa cha m'ma 3 koloko masana, ndipo pamene mlomo unaleka kutuluka magazi kunali kutayamba kale kuda. Bambo aja anabwera opanda nsomba. Tinadya za m'chitini, ine ndikutafunira mbali imodzi.