Bowo la mumtima mwa mwana wanga

Tsiku lomwe adokotala anandionetsa pa echo, makina ounikira mtima, kuti mwana wanga ali ndi bowo mumtima, pakhoma lolekanitsa zipinda ziwiri za mmwamba zija, ine ndinangoti kakasi. Amalitchula ASD. Nde mwanayo ankatopa msanga, chifuwa pafupipafupi, sikelo osakwera, ine nkumayesa kuti ndi kusadya basi.

Nditayamba kufufuza pa intaneti usiku ndinapeza kuti njira zotsekera bowolo zilipo ziwiri, ya kachubu ndi ya opaleshoni yotsegula pachifuwa, ndipo mtima wanga unakakamira pa imodzi. Amalowetsa kachubu mumtsempha wa mphechepeche mwa ntchafu mpaka kukafika kumtima, nkutsegula kachipangizo kangati timaambulera tiwiri tolumikizana, kamodzi kotchuka ndi Amplatzer komwe ku America anakavomereza mu 2001, kamatseka bowolo mbali zonse ziwiri ndipo mnofu umadzamera pamwamba pake, tsiku limodzi kapena awiri mwatuluka mchipatala, kenako aspirin miyezi 6. Osang'amba pachifuwa abale. Ndinkapemphera kuti zikhale zimenezo.

Koma adokotala anandikhazika pansi nkujambula papepala. Kachipangizoko kamafuna bowo la pakatikati pakhoma, lomwe amati secundum, komanso pakhale mlomo wa mnofu kuzungulira woti kagwirepo. La mwana wanga linali mmwamba pafupi ndi pomwe mtsempha waukulu umalowera, sinus venosus, pogwira panalibe. Ndinalira, osanama. Maganizo anga onse anali pa fupa la pachifuwa lomwe adzalidule, ndi makina aja omwe amagwira ntchito ya mtima ndi mapapo mtimawo utaimitsidwa.

Chomwe chinandilimbitsa nchakuti opaleshoni yotsegulayi siyachilendo ayi. Dokotala wina, John Gibbon, anatseka bowo ngati lomweli ku Philadelphia ku America mu 1953 mothandizidwa ndi makina amenewa, ndipo mpaka lero ndiyomwe imakonza mabowo omwe kachubu sikangathe, dokotala amaona ndi maso ake nkusoka chigamba, nthawi zambiri chochokera pa kathumba kokuta mtima wa mwana yemweyo.

Tinapita ku India monga amachitira ambiri kuno kwathu, tinakhala mchipatala pafupifupi sabata. Masiku oyamba kutsokomola kunkamupweteka, ankakumbatira pilo pachifuwa ine nditamugwira dzanja. Chipsera chilipo, chachitali ndithu, ndimachiona tsiku lililonse pomusambitsa. Dzulo wathamanga ndi anzake kuchokera kuchigayo mpaka pakhomo osaima panjira.