Khonde la matabwa kuseri kwa nyumba ya lendi

Nyumba imene timachita lendi ku Manchester ndi imodzi mwa nyumba zogundizana zija za njerwa zofiira. Kuseri kwake kuli kabwalo ka simenti, mamita 3 m'litali ndi mamita 2.4 m'lifupi, kokhala ndi geti lotulukira ku kanjira kodutsa otaya zinyalala. Kwa zaka ziwiri pakabwalopo pankangokhala mabini ndi njinga ya mwana. Mvula ya kuno ilibe nyengo, ndiye simentiyo inamera ndere yobiriwira, yoterera moti ndinkamuletsa mwana kusewerapo.

Chinandidzutsa ndi uthenga woti amayi akubwera kuchokera ku Zomba kudzakhala nafe miyezi inayi. Amayi sakhala m'nyumba masana. Mpunga amasankhira pakhonde, nandolo amasendera pakhonde, mlendo amamulonjera pakhonde. Mtima unandiwawa kuganiza zowatsekera pabalaza kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Ndinayamba ndi kufunsa mwini nyumba. Anandiuza kuti ndisaboole khoma ndipo ndisamange chilichonse chosachotseka. Apa ndi pamene matailosi a matabwa anandikomera. Ndi timatabwa tating'ono tokhomedwa pa pulasitiki yamabowo, ndipo m'mbali mwake muli timano tolumana ndi tailosi linzake. Safuna guluu, safuna msomali, ndipo tsiku losamuka umangozula n'kulongedza m'makatoni. Amapezeka m'masitolo ambiri a zomangira nyumba. A ku IKEA amatchedwa RUNNEN, ndipo ambiri a mtundu umenewu ndi a masentimita 30 mbali zonse, opangidwa ndi mtengo wa acacia. Katoni ya matailosi 9 imakuta malo okwana 0.81 sikweya mita.

Masamu ake ndinachitira pa envelopu. Mamita 3 ndi matailosi 10, mamita 2.4 ndi matailosi 8, onse pamodzi 80. Makatoni 9 akanandipatsa 81, kutsala limodzi lokha. Ndinagula makatoni 10 chifukwa pakona pali paipi yotsitsa madzi a padenga, ndipo ndinadziwa kuti podula ndikhoza kuwononga limodzi kapena awiri. Otsalawo ndi osinthira mtsogolo ena akadzawola.

Ntchito yeniyeni inali pansi. Loweruka lonse ndinathera pa simenti ija, burashi yolimba kumanja, ndowa ya madzi otentha a sopo pambali. Ndere ya zaka zambiri simachoka ndi kamodzi. Ndinakwecha, kutsuka, kukwechanso, ndipo udzu womera m'ming'alu ndinauzula ndi mpeni wakale. Wina angafunse kuti n'kuvutikiranji poti pakutidwa. Chifukwa chake n'choti pansi pa matailosi dzuwa silifika. Ukasiyapo dothi, limasunga chinyezi, kenaka kanunkha, ndipo nkhono zimapezapo mudzi.

Pataumapo ndinachita chinthu chimene ndingalangize aliyense: ndinathira ndowa yodzaza madzi pafupi ndi chitseko n'kuima kuyang'ana kumene akulowera. Ambiri anatsetsereka bwinobwino kupita ku kangalande ka pakona. Koma pakati panali pokumbika, kukula ngati mbale yodyera nsima, pamene madzi anadikha osasuntha. Matailosi amenewa amatsata pansi mmene palili. Pokumbika amagwedera ukapondapo, ndipo timano take timatha kuthyoka. Ndinamutumizira chithunzi mwini nyumba, anavomera kuti ndifotsere ndi simenti pang'ono, ndipo ndinadikira masiku angapo kuti iume ndithu.

M'munsi mwa khoma la nyumba zakale ngati zimenezi mumakhala njerwa zamabowo zolowetsa mpweya pansi pa matabwa a m'nyumba. Zimenezi sizitsekedwa, apo ayi chinyezi chimalowa m'nyumba. Zathu zili pamwamba ndithu, ndipo matailosiwo amakwera masentimita pafupifupi 2 okha, choncho sizinandivute. Komabe ndinagwada n'kuyeza ndisanatsegule katoni.

Kuyala ndinayambira pa chitseko cha kukhitchini, chifukwa ndi pamene diso limagwera munthu akamatuluka, ndipo ndinkafuna kuti zodulidwa zikabisike kumapeto. Tailosi loyamba ndinaliika motalikirana ndi khoma mpata wa chala chimodzi, poti thabwa likamwa madzi limafufuma. Kenaka umangotenga lachiwiri, kulunjikitsa timano pa timabowo, n'kudina ndi chikhatho mpaka limveke kuti thwa. Ena ankakanirira, ndipo ndinkawaponda pang'ono ndi chidendene.

Pali njira ziwiri zoyalira. Ukhoza kuloza timatabwa tonse mbali imodzi, kapena kusinthanitsa, ili chopingasa, linzake choongoka. Ndinayamba ndi yoyambayo, koma nditayala mizere iwiri ndinaona kuti khoma la aneba ndi lokhota pang'ono, ndipo mizere yoongokayo inkalionetsa poyera. Ndinazula n'kuyamba kusinthanitsa. Pompo kukhotako kunabisika, ndipo pansipo panayamba kuoneka ngati maluko a lichero. Ntchito yoyalayi sinakwane n'komwe maola atatu.

Kudula ndi kumene kumafuna mtima wodekha. Tailosi umalitembenuza kuti uone pamene pali timisomali togwira thabwa ku pulasitiki, n'kulemba mzere ndi pensulo mozilambalala. Sowo ikagunda chitsulo imabuntha, ndipo ukadula mochotsa timisomali tonse kathabwako kamangogwa. Pozungulira paipi ija ndinayamba ndadula chikatoni m'maonekedwe ake, n'kuchiyesa, kenaka n'kukopera pa tailosi. Ndinagwiritsa ntchito sowo yamanja ya mano ang'onoang'ono. Modulamo ndinasalaza ndi sandipepa n'kupakamo mafuta a matabwa, chifukwa madzi amalowera kumapeto kwa thabwa msanga kuposa pamwamba. Pa kangalande ndinaikapo tailosi lomwe ndinalidula timano dala, kuti ndizingolinyamula ndikafuna kuchotsa masamba.

Chimene ndinaiwala ndi geti. Chitseko cha kukhitchini ndinachiyeza, koma geti lakuseri, lomwe limatsegukira mkati, sindinaliganizire. Lolemba madzulo pofuna kutulutsa bini, getilo linangosuntha pang'ono n'kukakamira pa thabwa. Masentimita 2 aja ndi amene analitsekereza. Kukweza geti la eni ake sikunali kotheka, choncho ndinazula matailosi onse amene anali m'njira yake n'kusiya simenti yokha pamenepo. Zinathandizanso, chifukwa mawilo a bini yodzaza akanaphwanya m'mphepete mwa matailosiwo. Tsopano mabini amakhala pa simenti pafupi ndi geti, ife timakhala pa matabwa.

Matabwa apanja amasuluka. Dzuwa ndi mvula zimawasandutsa otuwa, ndiye kamodzi pachaka amafuna kutsukidwa, kuumitsidwa, n'kupakidwa mafuta ndi nsanza kapena burashi. Kuno kupeza masiku awiri otsatizana opanda mvula ndi mwayi, choncho ukawapeza usazengereze. Masamba akayamba kuyoyoka mu Okutobala ndimazula mizere ingapo n'kusesa pansi pake. M'nyengo yozizira, m'mawa kukachita chisanu, matabwawo amaterera, ndipo pa chitseko ndinaikapo chopondera cha labala.

Amayi anafika mu Juni. M'mawa wa tsiku lachiwiri ndinawapeza atatulutsa kale mpando, chitenje chili m'mapewa, kapu ya tiyi pansi. Anavula patapata n'kuponda ndi mapazi, kenaka anawerama n'kusisita timatabwa tija.

"Wayala wekha zimenezi, mwana wanga?"

"Eya, amayi, ndekha."

"Nanga chiswe? Kwathu zikanatha mvula imodzi yokha."

"Kuno kulibe chiswe, amayi. Chimene chimawononga ndi chinyezi."

Anagwedeza mutu, n'kundituma kuti ndikawatengere lichero limene anabwera nalo m'sutikesi, ndi thumba la mpunga wa Kilombero.