Ku Kew, kukasuzumira m'mimba mwa duwa lonunkha

Nditamva kuti chomera cha duwa lalikulu lonunkha chotchedwa Amorphophallus titanum chamasula ku Kew Gardens, munda wa zomera wa mu London, ndinakwera sitima ya District line m'mawa womwewo. Duwali silidikira munthu. Likatseguka, pakangopita tsiku limodzi kapena awiri layamba kale kufota.

Mzere wolowera mu Princess of Wales Conservatory, nyumba yamagalasi yosungiramo zomera, unali wautali, koma fungo linatichingamira tisanafike n'komwe: nyama yowola, yeniyeni. Kwawo kwa chomerachi ndi m'nkhalango za Sumatra ku Indonesia. Odoardo Beccari, katswiri wa zomera wa ku Italy, ndiye analemba za icho mu 1878, ndipo ku Kew kuno chinamasula koyamba mu 1889. Chikakula bwino chimatha kupitirira mamita 3.

Anthu ambiri ankangojambula chimlongoti chachitali choima pakati pa chomeracho ndi chofunda chofiirira chochizungulira m'munsi, n'kumapita. Ine ndinaona kuti akuphonya penipeni pa nkhani, chifukwa chimlongoticho si duwa ayi. Maluwa enieni ndi ang'onoang'ono, mazanamazana, ndipo amabisala pansi, mkati mwa chofundacho. Mwayi wake, osamalira zomera anali atacheka kazenera m'mbali, ndiye ndinawerama n'kusuzumira.

Pansi penipeni pali maluwa achikazi, atandandalikana kuzungulira tsinde ngati maso a chimanga pa chitsononkho. Alibe timasamba tokongola tomwe timayembekezera pa duwa. Lililonse ndi kathumba kosunga tinjere, kakhosi kakatali kofiirira kotuluka pa kathumbapo, ndi kamutu komata kumapeto kwake kolandirira mungu. Basi. Pamwamba pawo pali lamba wa maluwa achimuna, otuwa, othinana kwambiri.

Chomwe chinandigwira mtima ndi kagawidwe ka nthawi. Usiku woyamba, maluwa achikazi ndiwo amakhala okonzeka. Chimlongoti chimatentha mpaka kufika pa kutentha kwa thupi la munthu, fungo n'kumwazika patali, ntchentche ndi zikumbu zodya zowola n'kukhamukira mkati zitanyamula mungu wa chomera china. Maluwa achimuna amatulutsa mungu wawo tsiku lotsatira, achikazi atasiya kale kulandira. Motero chomera sichingadzibereketse chokha. Mu London mulibe chinzake chamasula pafupi, n'chifukwa chake osamalira amacheka kazenera kaja kuti apake ndi kaburashi mungu wosungidwa wa chomera china. Zikatheka, kathumba kalikonse kamasanduka chipatso chofiira, chomwe ku Sumatra mbalame zamilomo ikuluikulu zimadya n'kukafalitsa njere zake.

Malo ena onse a Kew ndinangowadutsa mothamanga. Miyendo inali itatopa, ndipo tiyi wa kumeneko anali wodula.

Pobwerera ndinkaganiza za koko wa m'madimba kwathu, yemwe ndi wa banja limodzi ndi chimphona chija. Samasula kawirikawiri, ndipo timamudzala ndi ana ake, osati njere, choncho ambiri sitinaonepo duwa lake. Mukadzalipeza, chekani chofunda chake cha m'munsi chobiriwiracho ndi mpeni. Mudzapeza maluwa achikazi obiriwira pansi, kenako kakhosi kopyapyala ka maluwa osabereka, maluwa achimuna pamwamba pake, ndi kansonga kopanda duwa kumapeto. Mukatero musambe m'manja, utomoni wa koko umayabwa.