Manyowa anga anapsa tsiku limodzi

Mtengo wa feteleza utandikwana, ndinalumbira kuti kachimanga ka kuseri kwa nyumba kadya manyowa basi. Kwathu ku Area 36 kuli mitengo iwiri ya mango, ndipo masamba akayoyoka anthu amangosesa n'kutentha. Ine ndinaletsa zimenezo. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala ndinkawaunjika pakona pa mpanda, mulu n'kufika m'chiuno.

Malume anga a ku Mitundu anandilangiza pa foni. Akuti masamba ouma paokha sawola msanga, amafuna kusanjikiza ndi ndowe kapena zitosi za nkhuku, udzu wauwisi, kaphulusa pang'ono, ndiye madzi okwanira. Pakatha masabata awiri, kutembenuza.

"Uzike ndodo pakati, mphwanga. Ukaizula yotentha, udziwe kuti akupsa. Nthawi zina mpaka kanthunzi kamatuluka."

Zitosi ndinapempha kwa aneba. Pa madzi ndi pamene ndinachita ukathyali, poti bilu ndimalipira ndine. Ndinangowaza kandowa kamodzi ngati wansembe akudalitsa mpingo. Phulusa ndinakhuthula la m'mbaula imene mayi a kunyumba anali atangotereka nyemba n'kuphula. Pamwamba linali loyera mbee. Za pansi sindinafufuze.

Chakumadzulo ndinaona kautsi kakufuka pamulu paja. Mtima unachita kuti myaa.

"Mayi a Chisomo, tabwerani mudzaone sayansi! Tsiku limodzi lokha, ayamba kale kupsa!"

Iwo anafika, ananunkhiza, n'kundiyang'ana.

"Bambo a Chisomo, nthunzi imatsokomoletsa chonchi?"

Ndinayamba kuwaphunzitsa za tizilombo tosaoneka ndi maso timene timadya masamba n'kumatulutsa kutentha. Ndisanamalize, kamphepo kanawomba, tizilombo tija tinatulutsa lawi lotalika kuposa ine. Moto unalumphira pampanda wa udzu wa aneba omwe aja anandipatsa zitosi. Nkhuku zawo zinabalalika, ana akukuwa, mzere wonse unatuluka ndi ndowa ndi mabeseni. Madzi amene ndinkawaumira aja anathera pamenepo, mpaka a m'diramu. Aneba sanakalipe ayi, anangondiuza mwaulemu mtengo wa mtolo wa udzu.

Mawa lake malume anaimba.

"Zikuyenda, mphwanga?"

"Apsa, malume."

"Msanga chonchi? Onse?"

"Onse, malume. Ndi mpanda womwe."