Kuphunzira trimix ku Nkhata Bay uli wa ku Mzuzu

Mukadutsa mamita 30 pansi pa madzi mukupuma mpweya wamba, nayitrojeni amayamba kukuledzeretsani. Geji mukuiona bwinobwino, koma nambala yake osaimvetsa. N'chifukwa chake m'thanki ya mpweya amathiramo helium, mpweya wopepuka wosaledzeretsa, ndipo msakanizo wa okosijeni, helium ndi nayitrojeniwu ndiwo trimix. Mu trimix 21/35 muli okosijeni 21 peresenti, helium 35, ndipo 44 yotsalayo ndi nayitrojeni. Pa mamita 45 mutu umagwira ngati muli pa mamita 26 okha, ndipo mpweyawo umapepuka popuma.

Thanki pimani nokha ndi analyser, chipangizo choyezera mpweya, okosijeni ndi helium yemwe, mulembe manambalawo pa tepi n'kumata pathankipo. Zongouzidwa ayi. Kenako muwalowetse mu kompyuta yapamkono, apo ayi idzawerengera mpweya umene simukupuma n'kukuimitsani malo olakwika pokwera, pamene mumaimaima kuti mpweya wolowa m'thupi utuluke pang'onopang'ono. Okosijeni asapitirire 1.4 bar (muyeso wa kupanikizika kwa mpweya) muli pansi, chifukwa akachuluka munthu amatha kukomoka ngati wakhunyu, regulator, chipangizo chopumira, n'kuchoka m'kamwa. Pokwera musapitirire mamita 9 pa mphindi, poti helium sachedwa kupanga thovu m'magazi.

Ife a ku Mzuzu tili ndi vuto lathulathu. Nyanja ya Malawi ili pafupifupi mamita 470 pamwamba pa nyanja yamchere, choncho onetsetsani kuti kompyuta ikuwerengera madzi opanda mchere ndi malo okwera. Mzuzu ndiye ali pa mamita oposa 1,200. Mukathamangira minibasi madzulo omwewo, mukwera chitunda mpweya usanathe m'thupi, ndipo mfundo zitha kuyamba kuphwanya muli m'njira. Gonani kunyanja konko, ndipo ngati munachita kuimaima pokwera, mudikire maola 24.